Bokosi Lokhoma na Bokosi Lotsegula: Mbili ya Ma Mod na Mtengo wa Magemu

Mu komboni iliyonse mmene muli anyamata awili okonda magemu, mkangano uyu sulephela kubuka: cabwino n'citi, console kapena kompyuta? Wina amati PlayStation ni yochipa ndipo sivutitsa, ungolumikiza ku TV n'kuyamba kuchaya. Mnzake amati kompyuta ndiyo zonse, cifukwa magemu ake ni ochipa ndipo ungawasinthe mmene ufunila. Onse awili akamba zoona. Koma mkanganowu ni wakale kupambana amene amakangana, ndipo ine nimaona kuti muzu wake ni funso limodzi: ukagula gemu, kiyi yake imakhala na ndani?

Tiyambile ku America. Mu 1977 kampani ya Atari inatulutsa makina ochedwa Atari 2600, osewela na makaseti. Makinawa analibe loko. Mu 1979 akatswili ena anacoka ku Atari n'kuyambitsa kampani yawo ya Activision, ndipo ena ataona kuti muli ndalama, aliyense anayamba kupanga makaseti ake. Msika unadzala na magemu acabecabe, ogula anagwa ulesi, ndipo mu 1983 malonda a magemu ku America anagwa. Atari inafika pokwilila makaseti osagulidwa m'dzala ku Alamogordo, ku New Mexico, kumene anthu anakawafukula mu 2014.

Nintendo ya ku Japan inatengapo phunzilo. Pobweletsa makina ake a NES ku America mu 1985, inaikamo chip yochedwa 10NES. Kaseti yopanda chip inzake siinali kusewela. Wofuna kupanga gemu anali kupempha cilolezo, makaseti ake anali kupangidwa na Nintendo yomweyo, ndipo sanali kuloledwa kutulutsa magemu opitilila asanu pa caka. Makina oyamba a ku Japan, ochedwa Famicom, analibe loko imeneyi, ndipo mafakitale a ku Taiwan na China anawakopela kopanda cifundo. "TV game" ija ya kaseti yolembedwa magemu mahandiledi, pamene mkati muli ocepa cabe obwelezabweleza, inali mdzukulu wa Famicom. Ambili a ise tinadziwila Mario pa makina okopela amenewo.

Kucokela nthawi imeneyo, malonda a console amayenda motele: bokosi ligulitsidwe pa mtengo wotsika, olo moluza, ndalama zikabwelele pa magemu. PlayStation 3 itatuluka mu 2006 inali pa madola 499 na 599, koma Sony inali kuluza pa makina alionse, podziwa kuti pa gemu iliyonse yogulidwa idzadyapo. Microsoft inayamba kulipilitsa osewela pa intaneti na Xbox Live mu 2002, ndipo Sony inatsatila mu 2013 pa PlayStation 4. Pamene PlayStation 5 inafika mu 2020, magemu aakulu anayamba kukwela kucoka pa madola 60 kufika pa 70. Zili monga landilodi amene akuchipitsila lendi, koma walamula kuti unga, makala na sopo uzigula pa kantemba kake cabe.

Kompyuta inayenda njila ina. IBM itatulutsa PC yake mu 1981, makampani monga Compaq anapanga makina ofanana nayo, ndipo palibe anakhala mwini wa citseko. Aliyense angalembe pulogilamu popanda kupempha. Microsoft itayesa kulipilitsa osewela pa intaneti a pa kompyuta mu 2007, anthu sanalabadile, ndipo caka cotsatila inaleka.

M'nyumba yopanda loko imeneyi ndimo munakulila ma mod, kutanthauza kusintha gemu kocitidwa na osewela okha. Mu December 1993 kampani yaing'ono ya ku Texas, id Software, inatulutsa Doom. John Carmack, amene analemba injini yake, anapatula dala zithunzi, mawu na mamapu n'kuziika m'mafayilo ochedwa WAD, kuti wofuna kupanga zake asinthe mafayilowo popanda kuwononga injini. Cigawo coyamba ca gemuyo cinali kupelekedwa mahala. Osewela anapanga mamapu masauzande, ndipo mu 1997 kampaniyo inapeleka poyela malembo a injini yonse. N'cifukwa cake Doom ikali kuseweledwa mpaka lelo.

Zimene zinatsatila n'zimene zimanidabwitsa ngako. Mu 1998 Valve inatulutsa Half-Life. Mu 1999 Minh Le, mwana wa sukulu ya yunivesiti ku Canada wobadwila ku Vietnam, pamodzi na mnzake Jess Cliffe, anaisandutsa nkhondo ya magulu awili n'kuicha Counter-Strike. Mu 2000 Valve inagula mod imeneyo n'kuwalemba nchito onse awili. Mu 2003 osewela Warcraft III anapanga mapu yochedwa Defense of the Ancients, imene inabala Dota 2 mu 2013. Mpikisano wake waukulu wa mu 2021 unali na mphoto zopitilila madola 40 miliyoni. Brendan Greene wa ku Ireland anayamba na mod pa gemu ya asilikali ya Arma 2, ndipo mu 2017 inatuluka PUBG, imene ambili a imwe mumachaya pa foni. Mitundu yathunthu ya magemu inabadwila m'zipinda za anthu wamba, pa makompyuta a kunyumba.

Kuno kwathu liwu lakuti mod linafika na tanthauzo lina. PlayStation 2 inatuluka mu 2000 ndipo inagulidwa kupitilila 150 miliyoni padziko lonse. Disiki yeniyeni inali yodula kwambili kwa munthu wa mu komboni, conco makinawo anali kutsegulidwa n'kuikidwa chip yowalola kuwelenga madisiki okopela. Chip ndiyo inachipitsa magemu. Ma game shop ambili anaimilila pa iyo: TV imodzi, benchi, mapadi awili, na mzele wa ana ogwila tundalama m'manja. Tisabisane, kukopela madisiki n'kuphwanya lamulo, ndipo opanga gemu sanali kupezapo olo ngwee. Koma popanda zimenezo, ana ambili a m'nthawi yathu sakanagwilako padi.

M'mashopu omwewo munalinso mod ya mtundu wina, olo kuti sitinali kuicha telo. Konami inalibe cilolezo ca maina a matimu ambili a ku England, conco m'magemu ena a Pro Evolution Soccer, Manchester United inali Man Red ndipo Liverpool inali Merseyside Red. Koma gemuyo inali na malo osinthila maina, mayunifomu na nkhope. Chipolopolo itatenga cikho ca Africa ku Libreville mu February 2012, ine na anzanga tinathela masana athunthu tikulemba cilembo cimodzicimodzi na padi: Mweene pa golo, Sunzu kumbuyo, Katongo kutsogolo. Tinasungila pa memory card, ndipo kadi imeneyo inayenda m'manja ambili kupambana foni ya kubweleka. Njala imene inatikhazika pa benchi ija ni imodzimodzi na ya Minh Le: kufuna kuona zako m'gemu ya eni. Kusiyana n'kwakuti ise tinaima pamene Konami inaika mpanda, pamene iye analibe mpanda.

Eni ma console amauteteza mpandawo mwamphamvu. Mu 2010 Sony inacotsa pa PlayStation 3 mwayi woikapo Linux, umene unalipo anthu pogula makinawo. Mu 2011 inatengela ku khoti George Hotz, mnyamata wa ku America amene anathyola loko ya makinawo. Mlanduwo unathela kunja kwa khoti. Ma mod a Fallout 4 atalowa mwalamulo pa console mu 2016, analowa na malile: pa Xbox One malo ake anali 2 GB, pa PlayStation 4 anali 900 MB, ndipo Sony inakana kuti opanga ma mod aikemo zithunzi kapena mawu awoawo.

Koma musaganize kuti ku kompyuta kuli mahala. Kompyuta yokwanitsa magemu atsopano nthawi zambili imadula kupambana console, ndipo mu 2021 mitengo ya ma graphics card inakwela koopsa cifukwa ca kusowa kwa ma chip na anthu okumba ndalama za crypto. Steam, sitolo ya Valve imene inayamba mu 2003, nayo imadyapo 30 pelesenti pa magemu ambili. Cimene cimatsitsa mitengo ni mpikisano: masitolo alipo ambili, amacita maselo, ndipo Epic Games Store imagawa magemu mahala mlungu na mlungu. Ngakhale opanga ma mod amadyeledwa masuku pamutu. Mu April 2015 Valve na Bethesda anayesa kugulitsa ma mod a Skyrim, wopanga n'kumalandila 25 pelesenti cabe. Anthu anakwiya ndipo zinatha pa masiku anayi. Mu 2020 Blizzard, imene Dota inaipulumuka m'manja, inalemba m'malamulo a Warcraft III yatsopano kuti mapu iliyonse imene osewela apanga ni yake.

Kwa ise palinso mitengo ina iwili. Gemu yatsopano ingapitilile 100 GB, ndipo mudziwa mmene ma bundle amathela. Cina ni malaiti: akapita, console na TV zonse zili zii, pamene laputopu imapilila kwa kanthawi.

Conco mukasunga tundalama twanu, musawelenge mtengo wa tsiku logula cabe. Welengani wa zaka zitatu: magemu, intaneti, padi ikawonongeka. Ngati mufuna cabe kuchaya bola na anzanu madzulo, console yogwilapo kale nchito ni yokwana, ndipo palibe ca manyazi. Koma ngati pocaya gemu mumadzifunsa kuti n'cifukwa ciani mulibe minibasi, msika wa Soweto kapena munthu wokamba Cinyanja, funani bokosi lotsegula. Laputopu yakale ya mu ofesi imakwanitsa Doom, Counter-Strike yoyamba na GTA San Andreas, ndipo mapulogilamu monga Blender na Godot ni a mahala. Yambani na kusintha cikwangwani cimodzi ca mu msewu wa gemu, mulembepo dzina la komboni yanu.