Mkazi Amene Anaphunzitsa Cigriki ku Zomba

Omvera a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe alidziwa dzina la Cecil Rhodes. Pomwalira iye m'caka ca 1902 anasiya cuma cakuti anyamata anzeru akaphunzire naco ku Oxford. Anyamata okha, akazi ai. Lamulo limeneli linakhala cikhalire kufikira 1977, ndipo mwa akazi oyamba kulandira thandizolo munali namwali wa ku Florida, dzina lace Caroline Alexander.

Masiku amenewo Dr. Kamuzu Banda ankakhulupirira kuti munthu wosadziwa Cilatini ndi Cigriki sanaphunzire kwenikweni. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy pa Mtunthama, m'boma la Kasungu, ndipo anafuna kuti zinenero ziwirizi zimveke ku yunivesitenso. Tsono mu 1982 Alexander anafika ku Chancellor College, ku Zomba, nayambitsa cigawo ca maphunziro a Agriki ndi Aroma akale, nakhala komweko kufikira 1985. Nzodabwitsa ndithu: dziko limene lamulo lace la 1973 linaletsa mkazi kubvala buluku, nchito yaikuru yotere linaipereka kwa mkazi wosafika zaka 30.

Atabwerera kwao anatsiriza maphunziro ace ku Columbia, nalemba mabuku ena a za maulendo. Koma mtima wace unatsalira pa Iliad, ndakatulo ya Homer ya mizere yoposa 15,000. George Chapman anaimasulira yonse m'Cingerezi mu 1611, ndipo kwa zaka 400 onse otsata m'mapazi ace anali amuna. Mu 2015 Alexander anakhala mkazi woyamba kusindikiza Iliad yonse m'Cingerezi.

Ambiri amayesa kuti ndakatuloyi itamanda ngwazi. Alexander anakana zimenezo m'buku lace la 2009, The War That Killed Achilles, nati icho cimene Homer aonetsa ndico cionongeko ca nkhondo. Ndipo akazi alimo ponseponse. Mlandu wa Achilles ndi mfumu Agamemnon wabuka cifukwa ca Briseis, mkazi wogwidwa pankhondo, amene amuna akulandana monga ng'ombe, osamfunsa mwini. Pomariza pace sipamveka nthungululu za opambana ai, koma maliro a Hector. Ndipo otsogolera kulira ndiwo akazi atatu: Andromache mkazi wace, Hecuba amace, ndi Helen mlamu wace. Munthu wakumudzi amene anagonapo pasiwa sadzafunsa cifukwa cace Homer anawaika akaziwo pafupi ndi mtembo.