BASIC

BASIC ndi chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chomwe chinapangidwa kuti munthu wosaphunzira masamu ozama athe kulamula kompyuta yekha. Dzinali ndi chidule cha mawu achingerezi akuti Beginner's All-purpose Symbolic Instruction Code, kutanthauza malamulo a kompyuta oyenera anthu oyamba kumene. M'zaka za m'ma 1980 chilankhulochi chinkapezeka pafupifupi m'kompyuta iliyonse ya pakhomo.

Mbiri

BASIC inapangidwa ndi aphunzitsi awiri a masamu, John Kemeny ndi Thomas Kurtz, pa Dartmouth College ku United States. Pulogalamu yoyamba inayenda pa 1 Meyi 1964. Mu 1975 Bill Gates ndi Paul Allen analemba BASIC ya kompyuta yaing'ono yotchedwa Altair 8800, ndipo malonda amenewa ndiwo anayambitsa kampani ya Microsoft.

Mu 1977 kunatuluka Apple II, Commodore PET ndi TRS-80. Pambuyo pake kunabwera ZX81 ndi BBC Micro mu 1981, kenaka ZX Spectrum ndi Commodore 64 mu 1982. Makinawa anali ndi malo ochepa kwambiri osungira zinthu. ZX81 inali ndi kilobayiti imodzi yokha, pomwe Commodore 64 inkasiyira wolemba mabayiti 38911.

Kagwiritsidwe ntchito

BASIC inkakhala m'kachipangizo ka ROM m'kati mwa kompyutayo, motero munthu akangoyatsa, makina ankadikira lamulo nthawi yomweyo. Kompyuta zambiri za pakhomo zinalibe sikirini yakeyake ndipo ankazilumikiza ku TV. Mapulogalamu ankasungidwa pa kaseti wamba wa nyimbo.

Mzere uliwonse wa pulogalamu unkayamba ndi nambala. Chitsanzo ichi chikuwerengera ndalama za wogula usipa pa doko la Senga Bay ku Salima:

10 PRINT "NDOWA ZA USIPA ZINGATI"
20 INPUT N
30 PRINT "MTENGO WA NDOWA IMODZI"
40 INPUT M
50 PRINT "ZONSE NDI K", N*M
60 GOTO 10

PRINT amaonetsa mawu pa sikirini. INPUT amadikira munthu kuti alembe nambala, n'kuisunga pa chilembo monga N kapena M. GOTO amabwezera kompyuta ku mzere wotchulidwawo, choncho pulogalamuyi imabwerezabwereza osaima. Lamulo la RUN limayendetsa pulogalamu, LIST limaionetsa yonse, SAVE limaisunga pa kaseti, LOAD limaibweretsanso, ndipo NEW limaifufuta.

Kukonza zolembedwa

Makinawa sankafuna pulogalamu yapadera yolembera mawu, chifukwa manambala a mizere ndiwo ankagwira ntchitoyo. Olemba ankadumphitsa manambala, 10, 20, 30, kuti asiye mpata. M'chitsanzo chapamwambachi, munthu akalemba 25 IF N=0 THEN STOP, kompyuta imaika yokha mzerewo pakati pa 20 ndi 30, ndipo pulogalamu imaima wogula akalemba 0. Kulemba nambala yomwe ilipo kale kumalowetsa mzere watsopano m'malo mwa wakale, ndipo kulemba nambala yokha kumachotsa mzerewo.

Kampani iliyonse inali ndi njira yakeyake yokonzera zolakwika. Pa Commodore 64 munthu ankapititsa kachizindikiro kothwanima pa mzere wolakwika, n'kusintha zilembo, n'kudina RETURN. Pa ZX Spectrum batani la EDIT linkatsitsira mzere pansi pa sikirini, ndipo batani limodzi linkalemba liwu lonse: kudina P kunkatulutsa PRINT. BBC Micro inali ndi batani la COPY lokopera zilembo za mzere wakale.

Akatswiri ena ankadzudzula chilankhulochi chifukwa GOTO akachuluka pulogalamu imakolanakolana ngati ukonde wosasungidwa bwino. Edsger Dijkstra analemba kalata yotchuka yotsutsa lamuloli mu 1968. Mitundu ina ya BASIC, monga QBasic ya mu 1991, inasiya kukakamiza manambala a mizere.

Ku Malawi

Nyengo ya makompyuta a pakhomo inadutsa anthu ambiri a ku Malawi asanaione. Makinawa ankafuna TV ndi magetsi. Dziko la South Africa, komwe ZX Spectrum ndi Commodore 64 zinkagulitsidwa, linali ndi wayilesi yakanema kuyambira 1976, koma ya Malawi, Television Malawi, inatsegulidwa mu 1999, makinawa atachoka kale pa msika. Mabanja okhala ndi TV anali ochepa, ndipo midzi yambiri, monga ya asodzi a m'mbali mwa nyanja ku Salima, inalibe magetsi a ESCOM. N'chifukwa chake Amalawi ambiri anadziwira kompyuta mu ofesi, kusukulu kapena pa foni, pomwe mapulogalamu amabwera olembedwa kale ndipo wogwiritsa ntchito saona mmene anapangidwira.

Masiku ano phunziro la makompyuta limalembedwa pa mayeso a MSCE, ndipo ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 omwe anatsegulidwa mu 2021. Komabe sukulu zambiri zili ndi makompyuta ochepa kapena akale. BASIC siifuna makina amphamvu kapena intaneti kuti iyende, choncho kompyuta yakale imakwanira kuphunzirirapo.

Masiku ano

Pali mapulogalamu aulere otsanzira makina akale: VICE imatsanzira makompyuta a Commodore, ndipo Fuse imatsanzira ZX Spectrum. Kakompyuta kotchipa ka Raspberry Pi, komwe kanatuluka mu 2012, kanapangidwa potengera chitsanzo cha BBC Micro, pofuna kuti ana ayambenso kulemba okha mapulogalamu. Mfundo zomwe wophunzira amazipeza mu BASIC, monga kusunga nambala, kusankha ndi IF ndi kubwereza, ndi zomwezo zomwe zili m'zilankhulo zatsopano monga Python.