Filimu Imene Eni Ake Anaikana

M'mwezi wa Disembala 1973, anthu a ku London amene ankapita kukaonera filimu ya Don't Look Now ankayamba aonetsedwa kaye filimu ina yongoperekeza. Dzina lake linali The Wicker Man, ndipo eni ake, kampani ya British Lion, analibe nayo chikhulupiriro ngakhale pang'ono.

Nkhani yake inalembedwa ndi Anthony Shaffer, ndipo anaitsogolera ndi Robin Hardy. Wapolisi wina wopemphera kwambiri, Sajeni Howie, akupita pa chilumba cha Summerisle ku Scotland kukafufuza za mtsikana wosowa. Akupeza kuti anthu a pachilumbacho anasiya Chikhristu n'kubwerera kwa milungu yakale ya dzuwa ndi zokolola. Maapozi awo sanabereke, tsono pakufunika nsembe. Howie akuzindikira mochedwa kuti mtsikanayo anali nyambo chabe; nsembeyo ndi iye mwini. Akumuotcha m'chimunthu chachikulu cholukidwa ngati nkhokwe, anthu akuimba mokondwa.

Filimuyi itangotha kujambulidwa, British Lion inagwa m'manja mwa mabwana atsopano. Iwo sanadziwe kuti aigulitsa bwanji. Mizukwa munalibe, magazi osaoneka, zambiri zikuchitika dzuwa likuswa mtengo, nyimbo mbwee. Anaidula kuchoka pa mphindi pafupifupi 100 kufika pa 87. Christopher Lee, amene anasewera ngati Lord Summerisle popanda malipiro, anapsa mtima. Anayamba kuimbira foni olemba ndemanga m'manyuzipepala, kuwachonderera kuti akaione, ndipo ankalonjeza kuwalipirira pakhomo. Tangoganizani, katswiri wotchuka ngati ameneyo kusanduka woitanira malonda! Amene anapita ambiri anaiyamikira, koma ndemanga zabwino sizinadzaze mipando.

Ulemu unayambira kunja. Mu 1974 inapata mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu a zodabwitsa ku Paris. Mu 1977 magazini ya ku America yotchedwa Cinefantastique inalemba zambiri za filimuyi ndi kuifanizira ndi Citizen Kane, imene ambiri amaiika pamwamba pa mafilimu onse. Apo ndiye mphepo inatembenuka. Pofika 1999, bungwe la British Film Institute linaiika pa nambala 96 mwa mafilimu 100 opambana a ku Britain.

Kodi chinasintha n'chiyani, popeza nkhani ndi yomweyo? Ine ndimaona kuti oonera anachedwa kuzindikira pamene pagona mantha ake. Anthu a Summerisle si afiti obisala usiku. Ndi aphunzitsi, asodzi ndi ogulitsa m'sitolo, aulemu ndi ansangala, amene agwirizana mudzi wonse kuti kupha munthu mmodzi n'koyenera. Naye Howie ndi wouma mutu pa chikhulupiriro chake. Dziko litamva za Jonestown mu 1978, kumene anthu oposa 900 anafa potsata mlaliki Jim Jones, gulu lomvera mtsogoleri mpaka imfa silinalinso nthano.

Zidutswa zimene zinadulidwa zinasautsa kupeza. Kope lalitali linapulumuka chifukwa linatumizidwa kwa Roger Corman ku America, ndipo lina linapezeka ku Harvard Film Archive n'kuonetsedwa mu 2013. Mu 2006 a ku Hollywood anaijambulanso ndi Nicolas Cage. Olemba ndemanga anainyoza kotheratu, ndipo oonera ankangoseka pamalo pamene anayenera kunjenjemera.