Makina onse a pakwale si chigayo cha miyala

Pa ntchito za misewu ku Malawi kuno, makina ophwanya miyala anapeza kale dzina: anthu amangoti chigayo cha miyala. Dzinali ndi lokoma pakamwa ndipo aliyense amalimva. Vuto limabwera wophunzira wa zomangamanga akafika pakwale n'kupeza makina atatu atandondozana, ena akufinya mwala, ena akuumenya, ena akungosefa, koma onsewo n'kumatchedwa chigayo. Akafunsa kusiyana kwake, akapitawo amathawira ku Chingerezi.

Oyamba pamzerepo ndi amene m'mabuku amati jaw crusher. Anawapanga Eli Whitney Blake wa ku New Haven, ku America, pofuna miyala yokonzera msewu wa kwawo, ndipo boma linavomereza mu 1858 kuti lusolo ndi lake. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri zokhuthala zoimikidwa ngati chilembo cha V. Chimodzi sichisuntha, chinzakecho chimapita n'kubwerera, mokankhidwa ndi shafiti. Mwala ukagwera pamwamba umafinyidwa n'kusweka, zidutswa zimatsikira pomwe mpata wachepa n'kufinyidwanso, mpaka zitakwana potulukira. Mpata wapansiwo ndiwo umalamula kukula kwa miyala yotuluka. Apa palibe kugaya kulikonse. Dzina lowayenera lilipo kale m'Chichewa: makina a nsagwada.

Achiwiri, omwe abale a banja la Symons anawatchukitsa m'zaka za m'ma 1920, nawonso amafinya. Chitsulo chosongoka chimapendamira uku ndi uku m'kati mwa mbale yachitsulo yovundikira, n'kumachepetsa miyala yochokera ku nsagwada zija.

Pali mtundu umodzi wokha umene dzina la chigayo limaukhala. Aliyense amene anasuzumirapo m'chigayo cha chimanga amadziwa kuti muli tinyundo tozungulira mwaliwiro tomwe timamenya chimanga mpaka chitadutsa pasefa. Makina otchedwa impact crusher amachitanso chimodzimodzi: mipiringidzo yozungulira imawomba mwala n'kuuponyera pa zitsulo zolimba, mwalawo n'kumwazika. Amatha bwino mwala wofewerapo monga wa laimu ndi konkire ya nyumba zogumulidwa, koma pa mwala wouma ngati granite mipiringidzo ija siichedwa kuperepeseka. Kontilakitala wosasiyanitsa kufinya ndi kumenya adzabwereka makina olakwika, ndalama zake n'kuthera pogula zitsulo.

Dzina la chigayo limasokeretsanso pa cholinga cha ntchito. Wopita kuchigayo amafuna ufa. Injiniya wa msewu amafuna miyala ya mamilimita 10 kapena 20 yokhala ndi ngodya zogwirana bwino ndi simenti kapena phula, ndipo fumbi likachuluka amadziwa kuti penapake makina achunidwa molakwika. N'zoona kuti fumbilo, lomwe amati dasiti, lili ndi msika wake, makamaka chiyambire 2018 pamene malamulo analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, oumba mabuloko n'kuchuluka. Komabe dasitiyo amangopezeka m'njira. Chomwe akufuna pakwale ndi mwala.

Mawu ena ovuta ndi akuti mobile. Popeza foni inatchedwa kale ya m'manja, womasulira wofulumira akhoza kulemba kuti makina ophwanya miyala a m'manja, pomwe akunena chinthu cholemera matani makumi angapo. Ena amati oyenda, zomwe zili bwino koma n'zosakwanira. Alipo okhala pa matayala, ofunika kukokedwa ndi thiraki. Aliponso okhala pa matcheni ngati a katapila, omwe kampani ya Lokomo ya ku Tampere, ku Finland, inayamba kupanga mu 1985 ndi dzina loti Lokotrack. Awa amasuntha okha pang'onopang'ono m'kati mwa kwale, woyendetsa ali poteropo ndi rimoti, koma ulendo wautali amakwezedwa pathiraki. Choncho pakufunika mawu awiri: okokedwa ndi oyenda okha. Phindu lawo n'limodzi. M'malo motuta miyala ikuluikulu kupita nayo kutali, makina ndiwo amapita pomwe aphulitsa thanthwe, atanyamula zonse pamsana: injini ya dizilo, mosungira miyala yolowa, nsagwada, lamba wotulutsa, nthawi zina ndi maginito wochotsa zitsulo zotsalira mu konkire.

Kodi ndani ayenera kukhazikitsa mawu oterewa? Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, komwe kunatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Potero Chichewa chatsala panja pa makalasi a luso, pomwe pamalo a ntchito ndicho chimayankhulidwa kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Ofuna Chichewa chosasakaniza angakonde kuti mawu ngati kwale, lamba ndi shafiti achotsedwe. Nkhondo imeneyo ilibe phindu: mawuwa anakhazikika, ndipo mayi wophwanya miyala ndi nyundo m'mbali mwa msewu ku Blantyre amati kwale osaganizako n'komwe za Chingerezi. Mayina a zida abwerekedwe ndithu. Chosayenera kubwereka ndi maverebu, chifukwa Chichewa chili nawo okwanira: kuswa, kufinya, kupera, kusinja, kusefa. Ndiwo amauza munthu chomwe chikuchitika m'mimba mwa makina, ndipo nthawi zina amapulumutsa moyo. Mwala ukatsakamira pansagwada, wantchito ayenera kumva m'chiyankhulo chake kuti azimitse injini ndi kukhoma loko asanayandikire. Ayenera kumvanso kuti fumbi la mwala limawononga mapapo osachiritsika, n'chifukwa chake madzi opopera sayenera kutsekedwa pofuna kusunga mafuta.

A TEVETA, omwe amayang'anira maphunziro a luso, ndi akatswiri a ku Zomba apite limodzi ku Njuli ndi kumakwale ena, akamve mawu omwe oyendetsa makina akugwiritsa kale ntchito, awalembe, ndipo malangizo opewera ngozi akhale oyamba kusindikizidwa m'Chichewa.