Mbiri ya Mzinda wa Zomba Monga Imaonekera kwa Woyenda Pansi

Mzinda wa Zomba, womwe uli m'tsinde mwa phiri la dzina lomweli kummwera kwa Malawi, unali likulu la boma kuyambira 1891 mpaka 1975, ndipo ndi umodzi mwa mizinda yochepa imene munthu angaiyendere wapansi tsiku limodzi, kuchokera kumsika mpaka pamwamba pa phiri, popanda kuwononga ndalama zambiri. Mzindawu unamangidwa motsata chitunda, olamula kumtunda ndipo amalonda ndi antchito kumunsi, kotero kuti amene akukwera pang'onopang'ono amaona ndi maso ake mmene mphamvu zinagawidwira m'nthawi ya atsamunda.

Azungu asanafike, dera limeneli linali la Amang'anja, anthu olima thonje ndi kusula zitsulo, omwe anapanikizidwa ndi Ayao ochokera kumpoto ndi kummawa cha m'ma 1860. Mafumu a Chiyao, monga Malemia ndi Mlumbe, anakhazikika mozungulira phiri, pafupi ndi njira za malonda a minyanga ndi akapolo zomwe zinkadutsa cha ku nyanja ya Chilwa kulowera kugombe la nyanja ya mchere. David Livingstone anafika ku Chilwa mu 1859, koma amene anayala maziko a mzindawu anali John Buchanan, katswiri wa zaulimi wa ku Scotland yemwe anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, ndipo atachotsedwa ntchito anatsegula munda wa khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Mu 1886 Buchanan anamangira kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes, nyumba yosanja yokhala ndi nsanja ziwiri zosongoka, imene pambuyo pake inasanduka Hotel Masongola.

Pamene Harry Johnston anakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda mu 1891, anasankha Zomba osati Blantyre chifukwa cha madzi osaphwa, mphepo yozizira ya m'phiri, kuyandikira kwa njira za akapolo zimene ankafuna kutseka, komanso chifukwa sankafuna kukhala pansi pa maso a amishoni ndi amalonda. Kumunsi kwa nyumba yake, katswiri wa zomera Alexander Whyte anayambitsa munda woyeserera mitengo ndi mbewu zakunja pofuna kudziwa zimene zingapindulitse boma. Mundawu, womwe mtsinje wa Mulunguzi umadutsa pakati pake, lero uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe limasunganso zitsanzo zouma za zomera za m'dziko muno, ndipo dzina la Whyte linatsalira pa mkungudza wa ku Mulanje, umene akatswiri amautcha Widdringtonia whytei.

Likulu latsopanoli linkadalira miyendo ya anthu akuda. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908 koma ku Zomba sinafike konse, ndipo galimoto zisanachuluke katundu yense wa boma ankabwera pamitu pa amtengatenga, amuna olembedwa ganyu yonyamula katundu mtunda wautali, omwe ambiri ankagwira ntchitoyi pofuna kupeza ndalama ya msonkho wa nyumba. Akuluakulu a boma ankayenda pa machila, nsalu yomangirira ku mtengo imene amuna ankaisenza pamapewa mosinthana. Kumtunda kunamangidwa nyumba ya bwanamkubwa mu 1901, maofesi a boma, ndi Gymkhana Club, malo achisangalalo amene kwa zaka zambiri sankalola munthu wakuda kukhala membala, pomwe kumunsi, kufupi ndi msewu wa ku Blantyre, kunali msika, mzikiti ndi masitolo a amwenye. Chakumadzulo kwa mzinda kuli Cobbe Barracks, komwe kunali asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo chipilala chachitali cha njerwa chimene chaima pafupi ndi msewu chimakumbutsa asilikali amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, nkhondo imene inaphanso amtengatenga ambiri ndi njala ndi matenda.

Phiri lenilenilo, lomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, linaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1913, ndipo m'zaka zotsatira boma linabzala paini wochokera ku Mexico m'malo ambiri amene kale kunali udzu ndi mitengo yachilengedwe. Njira yachidule yokwerera, yotchedwa Potato Path, inapondedwa ndi alimi amene ankatsika ndi mbatatesi kukagulitsa mumzinda, ndipo mpaka pano mlendo amapatukirana ndi amayi osenza nkhuni ndi anyamata ogulitsa zipatso. Pamwamba pali mathithi a Williams, damu la Mulunguzi lomwe limapereka madzi ku mzinda, ndi malo awiri oonera chigwa cha Phalombe ndi phiri la Mulanje: Queen's View, okumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, okumbukira ulendo wa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Chakumadzulo kuli dzenje la Chingwe, limene nkhani zapakamwa zimati mafumu ankaponyamo adani awo ndi odwala khate. Phirili linaonetsanso ukali wake mu Disembala 1946, pamene mvula yamkuntho inagumula nthaka ndi miyala, kukokolola milatho ndi kupha anthu, ngozi imene anthu anaitcha Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe amakhulupirira kuti chimawononga zonse chikamasamukira ku nyanja.

Boma la Dr Hastings Kamuzu Banda litasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, Zomba inatsala ndi Nyumba ya Malamulo mpaka 1994, komanso Chancellor College, yomwe inachoka ku Blantyre kudzakhazikika ku Chirunga mu 1973. Kutha kwa ulemerero wa likulu ndiko kunapulumutsa nyumba zakale, popeza panalibe ndalama kapena chifukwa chozigumulira kuti pamangidwe zazitali, ndipo mzinda sunatambalale kwambiri moti nkulepheretsa woyenda pansi. Komabe umphawi womwewo ukuwononga zimene unasunga, pakuti nyumba zina zikudontha ndi kugwa chifukwa chosakonzedwa, pomwe moto wolusa, kuotcha makala ndi kudula paini popanda kubzala wina zasiya mbali zambiri za phiri pambalambanda. Popeza madzi a mumzinda amachokera m'nkhalango yomweyo, kuteteza phiri la Zomba ndi nkhani ya moyo wa anthu okhala m'tsinde mwake isanakhale nkhani ya alendo.