Kulera kagalu kakang'ono: zomwe galu amaona mwa ife

Galu yemwe tidamzolowera kuno ku Kalomwe ndi wa m'mudzi, uja wolonda khola la mbuzi ndi kuperekeza mbuye wake kudimba. Masiku ano mabanja ena akulera tiagalu ta mitundu yaifupi monga Maltese ndi Jack Russell, topatsidwa ndi abale a m'tauni. Tiagalu timeneti timafuna chisamaliro chosiyanako, koma khalidwe lake limachokera kumodzi ndi la galu wina aliyense: momwe anthu adakhalira nako kali kakhanda.

Kagalu kasachotsedwe kwa make kasanakwanitse masabata 8. Kuyambira sabata yachitatu mpaka ya 12 ndi pamene kamaphunzira choyenera kuopa ndi choyenera kukhulupirira. Kakazolowera pa nthawiyi kugwidwa mofatsa, kuona ana, nkhuku ndi njinga zamoto, kamakula kodekha. Kokulira kotsekeredwa kapena kumenyedwa kamakhala kamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma msanga.

Thupi lake laling'ono silisunga mphamvu nthawi yaitali, choncho kazidya pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku. Nsima yokha siikwanira. Sakanizani ndi usipa wosinja, dzira lophika kapena tinyama, koma osaikamo anyezi ndi mafupa ophika a nkhuku. Dera lathu ndi lamapiri, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi chitha kupha kagalu kogona pa simenti. Katoni yoyalamo chiguduli pamalo opanda mphepo ndi yokwanira. Za mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa, funsani alangizi a ziweto, chifukwa mlingo wa galu wamkulu ungavulaze kakang'ono.

Galu amayang'anitsitsa manja athu, nkhope ndi kamvekedwe ka mawu. Mu 2002 Brian Hare ndi anzake adaonetsa kuti agalu amaposa anyani a chimpanzee podziwa komwe munthu akuloza chakudya chobisika. Mu 2021 Emily Bray wa ku yunivesite ya Arizona adayesa ana agalu 375 a masabata pafupifupi 8, ndipo ankapita komwe chala chaloza kawiri pa maulendo atatu alionse, popanda wowaphunzitsa. Ku Kolkata, India, kafukufuku wa 2017 pa agalu oyendayenda m'misewu adapeza kuti ana agalu amatsata chala mosavuta, pamene akuluakulu amayamba aona kaye ngati munthuyo sanawanamize. Izi sitidabwa nazo. Galu wa m'mudzi amathawa munthu akangowerama, ngakhale pansi palibe mwala.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi pa chilango. Mwabwera kumunda madzulo, mwapeza dzira lasweka, galu wagwetsa makutu ndi kufinya mchira, inu n'kumati wadziwa mlandu wake. Alexandra Horowitz wa ku New York adayesa zimenezi mu 2009. Adapeza kuti nkhope yomvetsa chisoni ija imabwera galu akakalipiridwa, kaya walakwa kaya ayi. Chomwe akuona ndi mkwiyo wanu wa tsopano lino, ndipo sangaulumikize ndi dzira la m'mawa. Mukam'menya, amangophunzira kuopa kubwera kwanu. Mletseni pa nthawi yomwe akuchita choipacho, ndipo akachita bwino myamikireni pomwepo ndi mawu ofewa kapena kausipa. Onse pakhomo agwiritse ntchito mawu amodzi. Wina akamati "khala", wina "senta", kagalu kamatenga nthawi kuti kamve.

Nafenso tiphunzire kumuona. Galu akamanyambita milomo, kuyasamula asali ndi tulo, kupotoza mutu kapena kuuma thupi, akupempha kuti mumusiye. Ana amakonda kunyamula tiagalu ngati zidole, choncho auzidwe kuti galu wakudya, wogona kapena woyamwitsa sasewera naye. Kubangula pang'ono ndi chenjezo, ndipo galu womenyedwa chifukwa chochenjeza amadzaluma osachenjeza.

Kuchepa thupi sikuteteza galu ku chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la OMS limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Kagalu kabayidwe katemera pofika miyezi itatu, ndipo pa kampeni ya boma katengeni ngakhale kali kocheperapo, alangizi akaone. Ofesi ya SDAE ku Ulongwe ndi yomwe ingakuuzeni za katemerayu. Sungani khadi lake, chifukwa kuwoloka ndi galu pachipata cha Kalomwe ndi Dedza kumafuna zikalata za dokotala wa ziweto. Kagalu kodzera njira zachidule, kopanda khadi, simungadziwe kuti kadalumidwapo ndi chiyani.

Galu wanu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, wofatsa n'kuyamba kulusa kapena waukali n'kufooka, akuchucha dovu ndi kulephera kumeza, mtsekereni osamgwira ndipo dziwitsani alangizi. Wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale womulumayo ali kagalu ka miyezi iwiri.