Dzira Limene Linacedwa Kuoneka

Usiku wina pa pulogalamu yanga ya pa wailesi, mayi wina anaimba foni akulira. Anali atakhala zaka zitatu m'banja popanda mwana, ndipo apongozi anali atagamula kale kuti vuto ndi iye. Mwamuna wake anali asanapimidwepo. Akuluakulu mundikhululukire, za kucinamwali sizikambidwa pabwalo, koma misozi ya mayiyu yandikakamiza kulemba.

Maganizo akuti mkazi ndi munda cabe, mbewu ndi ya mwamuna, ndi akale kwambiri. Zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe, Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti mkazi amangopereka magazi, woumba mwana ndi mwamuna. Tsono mbewu ikapanda kumera, zala zonse zimaloza munda.

Coonadi cinabwera pang'onopang'ono. M'caka ca 1561, Gabriele Falloppio wa ku Italy anafotokoza tinjira tiwiri tocokera kumtunda kwa ciberekero, kwina kumanja kwina kumanzere. Kusukulu tinkangoloweza kuti trompas de Falópio, osadziwa kuti ndi dzina la munthu. M'caka ca 1672, Regnier de Graaf wa ku Holland anafotokoza timatuza topezeka m'matumba awiri a mazira, kumapeto kwa tinjira tija. Dzira lenilenilo linaoneka m'caka ca 1827, pamene Karl Ernst von Baer analipeza mwa galu wamkazi. Linacedwa kuoneka cifukwa ndi laling'ono ngati nsonga ya singano.

Lero tikudziwa kuti pafupifupi mwezi uliwonse dzira limodzi limakhwima ndi kutuluka, masiku ngati 14 msambo usanabwere. Limalowa m'kanjira kaja, ndipo m'menemo ndi momwe limakumana ndi mbewu ya bambo. Zikakumana, pakapita masiku ocepa limakakhazikika m'ciberekero, m'mene mwana amakulira. Zikapanda kukumana, cimene ciberekero cinayala poyembekezera mlendo cimatuluka, ndiwo msambo.

Conco mwana amacokera kwa anthu awiri, ndipo vuto lingakhale kwa aliyense. Tinjira ta mayi tingatsekeke ndi matenda opatsirana pogonana amene sanacizidwe, kawirikawiri obwera ndi bambo yemweyo. Mbewu ya bambo nayonso ingakhale yocepa kapena yofooka.

Mayi uja ndinamuuza kuti apite kucipatala pamodzi ndi amuna awo, akapimidwe onse awiri. Inu apongozi ndi ankhoswe, banja lotere likafika kwa inu, yambani mwafunsa ngati bamboyo anapimidwa.